Mitanda Itatu Pamchenga

Tsiku limene anakumana, Nasipoko anali atagwada pansi akufunafuna kanati kamene kanagwera mumchenga.

"Odi kuno! Amakaniko alipo?"

"Alipo," anayankha osadzutsa mutu.

"Ali kuti?"

"Mukuyankhula nawo."

Atatukula maso anaona mwamuna wamtali, wovala chisoti cha panjinga ndi jekete yachikasu yozilala ndi dzuwa. Ankakankha njinga yolemera ngati bulu wosenza katundu: zikwama zinayi, mabotolo a madzi, ndi katenti kopindidwa pakaliyala.

"Pepani achemwali. Ndimayembekezera mdala wa ndevu."

"Mdala wa ndevu ndi uyo ali pampandoyo. Akumva zonse."

"Ndikumva," anatero bambo ake. "Ndipo ndamva kalekale kuti wilo lanu lakumbuyo likukhula mabuleki."

Onse atatu anaseka.

Dzina loti Nasipoko anamupatsa ndi anthu a mumsewumo chifukwa cha ntchito. Anakulira m'shedi ya bambo ake, kumanga masipoko, kumata machubu, kutsuka matcheni m'beseni la palafini. Maso a mdalayo atachita mdima, sipanala inatsala m'manja mwa mwana. Shediyo inali pomwe phula limathera. Kuyambira pakhomo pake msewu unali wamchenga, wotsata gombe la nyanja yamchere, ndipo m'mawa uliwonse nkhungu inkachoka kumadzi n'kudzagona pamsewupo mpaka dzuwa likwere.

Mlendoyo anati akupalasa gombe lonse, kuchokera koyambira mpaka kothera. Mudzi ndi mudzi, munda ndi munda. Ana a pamsewu anali atamutcha kale Wachisoti.

Nasipoko anagadabuza njinga, n'kuzunguza wilo. Kenako anaima.

"Sipoko ikatopa imathokera pakhosi, apa pafupi ndi habu, pamchombo pa wilo. Izi zadukira pakati. Zinayi, pamzere umodzi."

"Kamtengo kanalowa."

"Kamtengo ka mano?"

Wachisoti anavula chisoti chija, n'kumuyang'ana m'maso mosaphethira.

"Mwina kamtengoko kanadziwa kuti kutsogoloku kuli munthu woti ndimuone."

Nasipoko anamva kutentha m'makutu. Funso lija linathera pomwepo.

Tayala lakumbuyo nalonso linali litang'ambika pang'ono ndi chigoba cha nkhono. La saizi imeneyo m'shedimo munalibe. Choncho anachita momwe bambo ake anamuphunzitsira: anaika chigamba mkati, n'kusoka kunja ndi ulusi wokhuthala wa nayiloni, mopingasa, katatu.

"Mitanda itatu," anatero. "Gombe lonseli palibe wina amasoka chonchi."

"Ndiye kuti kulikonse ndipite, ndizilemba dzina lanu pansi."

Ntchito ya maola awiri inatenga masiku atatu. Wachisoti anati bondo likuwawa. Anamanga tenti kuseri kwa shedi. Masana ankamugwirira wilo, kumupatsira sipanala, kumufotokozera za midzi imene anadutsa: kwina amayanika mchere pamiyala, kwina mbuzi zimagona pakati pa msewu osasuntha, kwina munthu umapalasa tsiku lonse osamva liwu la munthu.

"Simuopa?"

"Ndinkaopa kufa ndekha. Tsopano ndikuopa kuchoka pano."

"Inu, pakamwa!"

"Usanditchenso inu. Ndiwe ngale yanga. Ndakupeza pamene sindimafunafuna."

Ngale! Iye, wa manja akuda ndi girisi, wa zikhadabo zothoka? Ndani anamutchulapo choncho? Anyamata a mumsewumo ankangomuitana tcheni chikaduka.

Tsiku lachitatu, atamanga kale zikwama, Wachisoti anamugwira manja onse awiri, girisi ndi girisi yemwe.

"Ndikafika kothera msewu ndibwerera. Ndikubwera kudzakutenga. Upange njinga yako, tidzanyamukire limodzi, ndikakuonetse kwathu. Sindidzakusiya pamchenga pano, ngale yanga. Ndalumbira."

Ananyamuka. Nasipoko anaima pakhomo akuyang'ana mzere wa tayala. Masitepe awiri aliwonse, mitanda itatu. Masitepe awiri, mitanda itatu, mpaka pokhota.

"Mwana wanga," anatero bambo ake kumpando kuja, "munthu uja amaseka asanamve nthabwala yonse."

"Ndiye kuti chiyani, bambo?"

"Palibe. Ndangomva."

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Ngale yanga, ndapalasa makilomita makumi asanu ndi atatu. Mphepo imandikankhira kumbuyo, kwa iwe."

"Wadzuka bwanji mtima wanga? Ndagona pakhonde la sukulu. Ndimalota ukumanga masipoko."

"Usandiiwale. Ukandiiwala tcheni chiduka."

Nasipoko ankawerenga akumwetulira yekha, foni ataigwira ndi kansanza kuti isade. Madzulo aliwonse ankaimbirana. Anaitanitsa tayala latsopano la saizi ija, ndipo litabwera ndi lole analipachika pamsomali kudikira mwini wake. Anatenga felemu yakale ya bambo ake, n'kuyamba kumanga njinga yake ya ulendo.

Nkhani inafika kwa mkulu wake wa Nasipoko ndi mwamuna wa mkulu wakeyo. Alamuwo anali atasirira shediyo kwa zaka, ankafuna kuikamo mipando ndi magalasi kuti ikhale yometeramo.

"Mlamu, ngati ukupita, makiyi usiye m'manja odziwika. Bambo tiwatenga, akakhala kwathu. Koma undiuze tsiku, mmisiri wa matabwa sadikira."

"Loweruka lomaliza la mwezi wa mawa."

"Walonjeza?"

"Ndalonjeza."

Bambo ake anangosisita mkono wa mpando umene anakhalapo zaka makumi atatu.

Patapita masabata atatu, mauthenga anaduka.

Tsiku loyamba Nasipoko anati ndi netiweki. Tsiku lachiwiri anati ndi batire. Tsiku lachisanu anasiya kudya. Akaimba, foni inali yozima. Anafunsa madalaivala a malole ochokera kumeneko. Mmodzi anati anamva kuti wapanjinga wina anagwa pamtsetse waukulu, kutali uko. Wina anati ayi, anali wa njinga yamoto. Wina anangogwedeza mutu.

Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, zii.

Ndiye m'mawa wina foni inanjenjemera pathebulo la zida.

"Ndilipo."

Nasipoko anakuwa mpaka bambo ake anagwetsa kapu. Anaimba nthawi yomweyo. Inaitana, inaitana, osayankhidwa.

"Sindingathe kuyankhula. Kuno mawu samveka. Tizingolemberana."

"Unali kuti? Ndimafa ndi nkhawa! Uli bwino? Uli pati?"

"Kutali. Pafupi ndi kothera."

Mtima unakhala pansi, koma osati kwenikweni. Mauthengawo anali ake, nambala yake, koma ankamveka ngati munthu woyankhula ali m'chitsime. Nthabwala zinatha. M'malo mwake munabwera mafunso.

"Ndikumbutse. Ndinakulonjeza chiyani?"

"Waiwala? Unati udzanditenga."

"Ndinanena bwanji? Lemba mawu onse."

Analemba. Mawu onse, mpaka "ndalumbira".

"Nanga ndinkaseka ndili kwanuko?"

"Iwe, wagwa n'kumenyetsa mutu kapena? Unkaseka tsiku lonse!"

Yankho linabwera patatha ola lathunthu.

"Zikomo, dzuwa langa."

Dzuwa? Iye sanali ngale kodi? Anayang'ana mawuwo nthawi yaitali, kenako anadziuza kuti mwamuna wachikondi mayina samuthera.

Lachiwiri la sabata yomaliza, anatuluka m'mamawa ndi tsache kuti asese pakhomo pa shedi. Nkhungu inali yoti sungaone mtengo wa tsidya la msewu. Mchenga unali wonyowa ndi mame, wosalala, usanapondedwe ndi munthu.

Koma panali mzere umodzi wa tayala.

Anawerama. Tsache linagwa.

Mitanda itatu. Masitepe awiri, mitanda itatu.

Mzerewo unachokera kumwera, n'kufika pakhomo penipeni pa shedi. Pamenepo unazama pang'ono, ngati njinga inaima. Kenako unatembenuka n'kubwerera m'nkhungu.

Wabwera! Akufuna kumudzidzimutsa! Anathamangira kuseri kumene kunali tenti. Kunalibe kanthu, udzu wokhawokha. Anamulembera uthenga.

"Uli kuti?"

"Ndakuuza. Kutali."

"Usandinamize. Ndaona tayala lako."

Uthengawo unawerengedwa. Sunayankhidwe.

Lachitatu mzere unaliponso. Lachinayinso. Ankadzuka tambala asanatsike, koma nthawi zonse ankapeza wadutsa kale, ndipo nkhungu itatseka ngati chitseko.

"Bambo, mwamvapo kanthu m'mamawa muno?"

Mdalayo anapendeketsa mutu.

"Masiku atatu tsopano. Imabwera mwakachetechete, imaima, imabwerera. Ndi njinga yomwe ija. Wilo unamanga iwe ndimalidziwa kulira kwake."

"Ndiye ndi iyeyo!"

"Njinga ndi yomweyo, mwana wanga. Koma munthu uja anali wolemera. Chishalo chinkalira akakhala. Amene akukwera pano alibe thupi lokwanira. Njingayo ikuyenda ngati ilibe munthu."

Nasipoko anatuluka, n'kugwada pamzere uja. Zoona. Tsiku limene Wachisoti ankachoka, tayala linkazama mpaka kubisa chala. Lero linangokanda pamwamba.

Anakumbukira dalaivala uja. Mtsetse waukulu. Wapanjinga. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi a zii.

Kodi amene ankamulembera ndani? Kodi munthu angalumbire mwamphamvu mpaka lumbiro lake n'kumayenda lokha?

Lachisanu masana, dzuwa lili pamutu, msewu uli chete moti unkamva ntchentche, foni inanjenjemeranso.

"Malaya obiriwirawo akukukhala."

Anadziyang'ana. Malaya obiriwira. Anali atawagula sabata yatha, Wachisoti sanawaonepo.

Anatulukira pakhomo. Kumanzere, mchenga. Kumanja, mchenga. Kutsogolo, mitengo ya kokonati itaima osagwedezeka, ndi nyanja ikupuma pang'onopang'ono kuseri kwake. Panalibe munthu ngakhale mmodzi.

"Ukundiona?"

"Ndakuona. Ndiwe wamng'ono kuposa momwe ndimaganizira."

Analowa, n'kukhala pansi pakati pa matayala akale. Sanalire. Mantha anali ataumitsa misozi.

Madzulo alamu anadutsa ndi tepi yoyezera.

"Mawa ndi mawa, mlamu! Galasi lalikulu likhala apa. Mpando wa bambowu tiutaya, wadyedwa ndi chiswe. Mkwati ali pafupi?"

"Ali pafupi," anayankha Nasipoko. Mawuwo anamuzizira m'kamwa.

Loweruka kutangoyera, anaika makiyi a shedi m'thumba, n'kutulutsa njinga imene anamanga ija.

"Ukupita kuti?" anafunsa bambo ake.

"Kukaona mwini wa mzere."

"Ukapeza zosaoneka bwino, usaziyankhe. Ubwerere."

Mzere unalipo, watsopano. Anautsata.

Nkhungu inamumeza. Sankaona kupitirira wilo lakutsogolo. Ankangomva mafunde kumanzere ndi kupuma kwake. Anadutsa nyumba zotseka, maukonde oyanikidwa akulendewera ngati nsalu zakale, galu amene anamuyang'ana osauwa. Anadutsa minda ya chinangwa, kamlatho ka matabwa, mudzi wina umene anthu ake anali asanadzuke. Ndipo pansi, mosalekeza, mitanda itatu, mitanda itatu, ntchito ya manja ake ikumutsogolera.

Patatha pafupifupi ola, mzere unapatuka kulowera kumadzi, pa nyumba yakale yosungiramo mchere imene denga lake linagwa theka.

Njinga inali itatsamira khoma. Zikwama zinayi. Mabotolo. Tenti itamangidwa pambali.

Ndipo pamwala, moyang'ana nyanja, panakhala munthu. Jekete yachikasu. Chisoti. Osasuntha.

Nasipoko anatsika panjinga. Anatulutsa foni, n'kuimba nambala ija.

M'thumba la jekete yachikasu, foni inalira.

Munthuyo sanaiyankhe. Anakweza manja pang'onopang'ono, n'kumasula lamba wa chisoti, n'kutembenuka.

Anali mayi. Wochepa thupi, wa masaya olowa, jekete itamukulira mpaka manja kubisika. Maso ofiira ngati sanagone mwezi wathunthu.

"Mwabwera," anatero mayiyo. "Ndimadziwa kuti inu mubwera. Enawo sanayang'ane pansi."

"Ndinu ndani? Njingayi mwaitenga kuti? Mwini wake ali kuti?"

"Khalani pansi, achemwali."

"Sindikhala! Ali kuti?"

"Tinamuika m'manda masabata atatu apitawa. Anagwa pamtsetse, mabuleki anakana. Ine ndine mkazi wake. Zaka khumi ndi ziwiri, ana awiri."

Nyanja inapitiriza kupuma. Nasipoko anapezeka atakhala pamchenga osadziwa kuti wakhala liti.

"Bodza," ananong'ona. "Analibe mkazi. Anati..."

"Anati ndinu ngale yake. Ndawerenga." Mayiyo anatulutsa foni, galasi lake losweka pakona. "Amene anamutola anandipatsa njinga, zikwama ndi iyi. Nditaiyatsa ndinapeza muli anthu asanu ndi awiri. Ngale ndinu. Dzuwa ndi wogulitsa zipatso kumwera uko. Pali Nyenyezi, mphunzitsi. Pali Mthunzi, wosoka zovala. Tsiku lina ndinakusokonezani ndi Dzuwa, pepani. Ndinu ambiri."

"Ayi. Ayi! Ine anandilumbirira! Anandigwira manja!"

"Kuti akafika kothera msewu abwerera adzakutengeni?"

Nasipoko anagwira pakamwa.

"Kothera msewu ndi kwathu, achemwali. Ndi pakhomo panga. Chaka chilichonse akapatsidwa tchuthi amakwera basi ndi njingayi kupita koyambira, n'kupalasa kubwerera kunyumba. Amafika atanenepa. Ine n'kumati mphepo ya kunyanja imamuyanja."

Mayiyo anatsegula kachikwama ka pansi pa chishalo, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'sokosi. Anakaika pamchenga pakati pawo. Kanali kapulayala kakang'ono kodulira waya.

"Izi sindikuzimvetsa. Kwa wosoka uja anafika ndi chikwama chong'ambika. Kwa mphunzitsi anafika atatha madzi. Kwa inu sindikudziwa. Mwina inu mudziwa."

Nasipoko anakatola. Anayang'ana mano ake. Masipoko anayi, pamzere umodzi, odukira pakati.

Kamtengo ka mano!

Anaona tsiku loyamba lomwe. Manja ake anadziwa, maso ake anadziwa, pakamwa pake panafunsa. Ndiye munthu anavula chisoti n'kumuyang'ana, iye n'kutaya zonse zimene bambo ake anamuphunzitsa. Munthuyo anaima penapake pamsewu, atamva kuti kutsogolo kuli makaniko wamkazi, n'kugwada, n'kudula wilo lake lomwe. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.

Apa ndiye misozi inabwera. Koma ankalirira chiyani? Kuti wamwalira? Kapena kuti amene ankamukondayo sanakhaleko n'komwe? Munthu umalira bwanji maliro a bodza?

"Nanga inu," anatero akusisima, "bwanji munandizunza chonchi? Mauthenga aja! Kumandizungulira m'mamawa ngati mzukwa! Ndimayesa ndapenga!"

Mayiyo anagwetsa nkhope.

"Ndinalakwa. Ndinabwera kuti ndikuuzeni. Kanayi ndafika pakhomo panu, dzanja osatheka kugogoda. Dzulo ndinabisala m'mitengo muja kukuyang'anani. Ndimafuna ndikudeni, koma ndinangoona mwana akugwira ntchito."

"Nanga mafunso aja?"

"Zaka khumi ndi ziwiri sananditchulepo dzina lokoma. Kunyumba anali munthu wa 'madzi atentha?' ndi 'nsapato zanga zili kuti?' Kuseka ndinkakumva akamayankhula pafoni panja. Ndimafuna ndimudziwe mwamuna amene inu munkamudziwa. Ndinkati mukalemba mawu ake, ndiziwerenga ngati akuuza ine."

Nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa likulowa pang'onopang'ono. Nyumba ya mchere ija inasanduka nyumba wamba yakugwa, jekete ija n'kukhala jekete chabe.

Nasipoko anapukuta m'maso ndi mkono. Mosafuna, maso ake anapita pa tayala lakumbuyo. Ulusi unali utadyeka, chigamba chikusuzumira.

"Mwatsala ndi akazi angati oti muwafikire?"

"Atatu."

"Tayala ili silikufikitsani. Ndipo mabuleki awa ndani anakonza atagwa?"

"Palibe. Ndimatsika pamtsetse n'kumakankha."

"Muli ndi ana awiri, mayi! Dzukani. Tiyeni."

Anabwerera limodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Atayandikira shedi, bambo ake anali atatulutsa kale mpando wawo pakhomo, mutu atapendeketsa.

"Njinga ziwiri," anatero. "Inayo ndi ija yopanda munthu."

"Munthu alipo, bambo. Ndi mayi. Apatseni moni."

Mdalayo anatambasula dzanja. Atagwira kadzanja kowonda kaja, anakagwira nthawi yaitali.

Nasipoko anagadabuza njinga. Anatsitsa tayala latsopano pamsomali, lija linkadikira mkwati. Anasintha mawaya a mabuleki, n'kumanga mpaka wilo linkaima ndi chala chimodzi. Anatsitsa chishalo kuti chifanane ndi msinkhu wa mayiyo. Tayala lakale analitenga, n'kudula ulusi uja ndi kapulayala komwe kaja. Mtanda woyamba, wachiwiri, wachitatu.

Ali mkati mopopa, alamu anatulukira ndi mmisiri wa matabwa, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Mlamu! Tafika! Makiyi?"

Nasipoko anagwira thumba lake. Makiyi analira.

"Pepani alamu. Makiyi ali ndi ntchito."

"Ah ah! Si unalonjeza iwe?"

"Ndinalonjeza. Ndalakwa, ndipo ndidzabwera kudzapepesa bwinobwino pamaso pa achemwali. Koma shediyi sindichokamo, ndipo mpando wa bambo sukusuntha."

"Nanga mkwati?"

"Kunalibe mkwati."

Alamu anayang'ana mayi wa jekete yachikasu, anayang'ana maso otupa a Nasipoko, n'kupinda tepi yawo mwakachetechete. Ankang'ung'udza mpaka pokhota, koma anapita.

Mayi uja atakwera njinga, Nasipoko anagwira handulo.

"Atatu otsalawo musawalembere. Musawazungulire m'nkhungu. Mukafika, gogodani."

"Ndigogoda."

"Ndipo foniyo..."

Mayiyo anaitulutsa, n'kufufuta dzina loti Ngale, Nasipoko akuona.

"Dzina lanu lenileni ndani, achemwali?"

"Kuno amanditcha Nasipoko. Limandikwana."

Mayiyo anapalasa kulowera kumpoto. Chishalo sichinalire.

M'mawa mwake Nasipoko anatuluka ndi tsache. Nkhungu inali pomwepo monga mwa masiku onse. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kumanzere ndi kumanja. Mchenga unali wosalala, wopanda mzere, wopanda mtanda.

Mtima unamupweteka kuposa tsiku limene anauona mzerewo.

"Kwadutsa kanthu?" anafunsa bambo ake ali m'nyumba.

"Palibe, bambo."

"Ndiye tsegula. Ndikumva wina akubwera ndi tcheni chakugwa."

Nasipoko anapukuta m'maso, n'kulowetsa kiyi pa loko.